Envulopu Yachinayi

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntcheu ndakuuzani kambirimbiri pakamwa, ndipo mulibe chachilendo: kuweta mbuzi, kukwapulidwa kusukulu, basi. Pano ndikufuna ndilembe za ntchito, makamaka nkhani imodzi imene mwakhala mukuimva mbali imodzi yokha. Anthu akamakuuzani kuti bambo anu ananena zoona m'khoti nthawi imene ena ankaopa, mumanyadira. N'zoona ndinanena. Koma ndisanaime ndinayamba ndagwa, ndipo kugwako sakuuzani chifukwa amandilemekeza. Ndiye werengani zonse.

Zaka zoyamba, dziko litangolandira ufulu

Ndinafika ku Neno nditakhala pamwamba pa matumba a simenti, pa lole imene inatitola pa Zalewa m'mawa n'kudzatitsitsa dzuwa litapendeka. Kawiri konse tinatsika kukankha pa zitunda. Kalata imene inali m'thumba mwanga inkati ndikakhale kalaliki pa kaofesi kena koyang'anira ntchito za chitukuko: timisewu ta m'midzi, timilatho, zitsime ndi midadada ya sukulu. M'njira ndinkaganiza kuti ndikapeza chinyumba cha masitepe. Ndinapeza zipinda ziwiri, denga lodontha pakona, ndi makina otayipira amodzi amene chilembo chake cha "a" chinkakanirira, moti ukachimenya umachita kuchibweza ndi chala. Tangoganizani mawu angati alibe "a". Mapepala ankabwera mwa apo ndi apo. Envulopu zakale tinkazimatula bwinobwino, kuzitembenuza, n'kuzimatanso ndi phala la ufa woyera. Riboni ya makina ikauma tinkaidonthezera parafini, ndipo pepala limodzi la kaboni linkagwira ntchito mpaka kubooka ngati sefa. Dzinja likafika msewu unkasanduka phala, makalata n'kumakhala masabata awiri kutsidya kwa mtsinje kudikira kuti madzi aphwe. Koma sindinadandaule kwenikweni. Ndinali mnyamata, nsapato zanga zinali zatsopano, ndipo anthu pamsika ankanditchula kuti a Kalaliki.

Bwana wanga woyamba anali a Mhango, munthu wamtali wochokera kumpoto, wosaseka wamba komanso wosakalipa. Ndi iwo anandiphunzitsa za tenda. Boma likafuna kumangitsa kanthu, sitinkaloledwa kungoitana mmisiri amene tikumudziwa. Tinkakhoma chidziwitso pakhomo pa ofesi, pamsika ndi pa matchalitchi, kuti aliyense wofuna ntchitoyo alembe mtengo wake, amate mu envulopu, adzaponye m'bokosi lathu tsiku lotsekera lisanadutse. Bokosilo linali lamatabwa, la maloko awiri. Kiyi imodzi ankasunga bwana, ina ankasunga abusa a mpingo wina amene anali m'komiti yathu. Tsiku lotsegula, amisiri onse ankaloledwa kukhalapo. Bwana ankang'amba envulopu iliyonse anthu akuona, n'kuwerenga dzina ndi mtengo mokweza, ine ndikulemba. Zimene ndalembazo ndinkazitayipa, ndiwo maminitsi, ndipo tinkasayina awiri, bwana ndi ine. Amene watchula mtengo wotsika, bola ntchito akuidziwa, ndiye ankapatsidwa.

Lamulo lina linali la buku la makalata olowa. Pepala lililonse lofika pa ofesi, kaya pa positi kaya pamanja, ndinkayenera kulilemba m'bukumo nthawi yomweyo, ndi inki: nambala yake, tsiku, kumene lachokera. Tsiku lina ndinasiya makalata atatu patebulo kuti ndidzalowetse mawa lake, chifukwa ndinkathamangira mpira. M'mawa ndinapeza a Mhango atakhala pampando wanga.

"A Chiwaya, makalata awa afika liti?"

"Dzulo, bwana."

"Ine ndikuti afika lero. Mukana bwanji?"

Iwo anaimirira n'kundipatsa cholembera. "Mutu wa munthu umagona, ukadzuka wasintha. Buku siligona. Muzilemba musanamwe ndi tiyi yemwe." Kuyambira tsiku limenelo dzanja langa linazolowera, moti pepala likangofika ndinkalilowetsa ndisanaganize n'komwe.

Zaka zimenezo ndi zimene ndinakumana ndi amayi anu, pa kwaya. Agogo anu anatipatsa kamalo kokhala ndi mitengo isanu ya manachesi, ndipo ndinasiya kudziona ngati mlendo. Lusiya anabadwa, kenaka Petulo, kenaka Mateyu.

Chaka changa chachisanu ndi chitatu: mlatho wa Namisu

A Mhango atasamutsidwa kunabwera a Likongwe. Ndisawanamizire, anali munthu wabwino kukhala naye. Ankakonda bawo ndi nthabwala, ndipo Petulo atadwala chibayo ndi iwo anatitengera kuchipatala pa galimoto ya ofesi osawerengera mafuta. Vuto lawo linali mantha. Masiku amenewo mantha tonse tinali nawo, pakuti chipani chinali chimodzi ndipo munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha mawu amodzi olankhula pa mowa, osazengedwa mlandu, abale osadziwa kumene ali. Koma a Likongwe awo anali opitirira. Akangomva galimoto ya akuluakulu a chipani, ankamanga batani la jekete asanadziwe n'komwe ngati ikuima.

Chaka chimenecho tinalandira chilolezo chomangitsa mlatho pa mtsinje wa Namisu. Ndi kamtsinje kakang'ono, chilimwe mumangolumpha, koma dzinja kamatseka midzi inayi. Milatho yamitengo kankaikokolola chaka ndi chaka. Dzinja lapitalo mayi wina anachirira m'mphepete mwake, anthu atamunyamula pa machira n'kulephera kuwoloka, ndipo mwanayo sanakhale moyo. Choncho mlatho umenewu anthu ankaudikira ndi mtima wonse.

Tsiku lotsegula bokosi munali envulopu zitatu. Ziwiri zinali za amisiri a ku Blantyre. Yachitatu inali ya a Kachingwe, bambo wachikulire wa kufupi ndi Chifunga, amene anamanga matchalitchi ndi midadada ya sukulu yambiri m'dera lathu. Kulemba sankadziwa bwino, anawalembera ndi mwana wawo wamkazi amene anali mphunzitsi, koma khoma lawo ukaliyang'ana sunkafunsanso za sukulu. Anabwera atavala jekete yakuda ngakhale kunali kotentha, anakhala kutsogolo, chipewa pabondo. A Likongwe atawerenga mitengo yonse, wa a Kachingwe ndiwo unali wotsika. Bamboyo sanaombe m'manja. Anangoimirira, kugwira dzanja bwana, abusa ndi ine, n'kunena kuti, "Ndikayambe kuswetsa miyala." Ndinatayipa maminitsi madzulo omwewo, tinasayina. Linali Lachisanu.

Lolemba cha m'ma teni kunafika a tcheyamani a chipani a dera lathu. Dzina lawo sindilemba, adzukulu awo mumapemphera nawo. Anaponya envulopu patebulo panga osandiyang'ana, n'kulowa kwa bwana n'kutseka chitseko. Ine monga mwa chizolowezi ndinatsegula buku n'kulowetsa: nambala, tsiku la Lolembalo, yochokera kwa a Magombo, yabwera pamanja. A Magombowa anali mlamu wawo wa a tcheyamani, mwini sitolo ndi lole. Chimene anamangapo pa moyo wawo chinali khonde la sitoloyo.

A tcheyamani atachoka, a Likongwe anandiitana. Nkhope yawo inali itatuwa. Nditawapatsa envulopu ija anaitsegula, ndipo mtengo wake unali pansi pang'ono chabe pa wa a Kachingwe, monga mmene munthu angalembere atamva kale za mnzake.

"A Chiwaya, zikuoneka kuti Lachisanu tinalakwitsa. Envulopu iyi inali m'bokosi, inakanirira pakona."

"Bwana, bokosi tinaligwedeza tonse, mozondotsa."

"Ndikudziwa." Anapukuta thukuta. "Tayipaninso maminitsi. Mulembe envulopu zinayi."

"Nanga a Kachingwe? Anamva okha."

"A Kachingwe ndi munthu wa kumudzi, adandaula sabata imodzi n'kuiwala. Kodi inu mukufuna atilembere lipoti lakuti ofesi ino ikutsekereza chitukuko? Mukudziwa kumene amapita anthu olembedwa choncho. Ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi. Inu muli ndi angati?"

Ana anga, ndinatayipa. Palibe anandigwira pakhosi. Ndinakhala pa makina aja, ndikubweza "a" ndi chala, ndinalemba kuti envulopu zinali zinayi ndipo wotsika anali a Magombo. Ndinasayina pansi pa dzina la bwana. Maminitsi oyamba a Likongwe anawang'amba n'kuwaponya pa mbaula ya tiyi. Za buku la makalata sanaganizeko, inenso sindinawakumbutse, osati chifukwa cha nzeru ayi, koma chifukwa ndinali nditaiwala.

A Kachingwe atalandira kalata yakuti sanapambane, anabwera. Miyala anali ataswetsa kale milu iwiri. Sanakalipe. Anaima pakhomo pa chipinda changa n'kundifunsa kuti, "A Kalaliki, ine sukulu sindinapite patali, koma kuwerenga mpaka pa folo ndimatha. Tsiku lija envulopu zinali zingati?" Ine ndinayang'ana makina n'kuyankha kuti zonse zili m'maminitsi. Anandiyang'ana kanthawi, anavala chipewa, n'kumapita. Masiku otsatirawo chakudya sichinkandikomera, koma kunyumba sindinanene kanthu.

Chaka chotsatira: samani

Tonse tinkayesa nkhani yatha. A Magombo anathira mulu wa mchenga pa Namisu, anakumba dzenje limodzi, mvula n'kubwera kudzakwirira. Kenaka tinamva chinthu chimene sitinakhulupirire: a Kachingwe agulitsa ng'ombe zawo, apita ku Blantyre ndi mwana wawo mphunzitsi uja, apeza loya, ndipo asumira ofesi yathu ku khoti lalikulu kuti tenda sinayende motsata malamulo. Masiku amenewo kusumira ofesi ya boma kunali ngati kuponya dzanja m'kamwa mwa ng'ona. Lamulo linkalola, koma amene ankayesa anali owerengeka. Anthu anayamba kuwalambalala bamboyo pamsika. Abusa aja, amene anali mboni yoona ndi maso, atafunsidwa anati maso awo afooka ndipo za chaka chatha sakuzikumbukira bwino. Sindiwaweruza.

Samani yanga inafika Lachinayi. Inkati ndikaonekere ku khoti Lachiwiri lotsatira, nditatenga maminitsi ndi mabuku onse okhudza tenda ya Namisu, kuphatikizapo buku la makalata olowa. Nditawaonetsa a Likongwe, anaitanitsa bukulo, anatsegula, anapeza mzere uja. Unali pakati pa kalata ya simenti ndi kalata ya mphunzitsi wina wopempha mabenchi, zonse za Lolemba. Kufufuta kunali kosatheka, kung'amba tsamba manambala akanadumpha.

"Chiswe chavuta chaka chino," anatero potsiriza, osandiyang'ana. "Mabuku ambiri m'maofesi chadya. Tengani bukuli mukalisunge kunyumba, a Chiwaya. Chikakadya, palibe angakuimbeni mlandu."

Ndinalitenga n'kukalibisa pansi pa matiresi. Loweruka lonse ndinkangozungulira. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, amayi anu anandipeza nditakhala kuseri kwa nyumba, buku pamiyendo, machesi m'thumba. Nthawi imeneyo anali ndi pakati pa iwe Esinati. Anakhala pa mtondo wogona n'kundifunsa chimene chinkandidya, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira Lolemba lija. Ndinkayembekeza kuti alira kapena andiuza kuti ndiganizire ana. Anafunsa funso limodzi.

"M'bukumo munalemba zoona kapena zabodza?"

"Zoona."

"Nanga m'mapepala enawo?"

"Zabodza."

"Ndiye mukufuna muotche zoonazo, musunge zabodza, eti?"

"Mayi a Lusiya, mukudziwa zimene zingachitike. Akhoza kunditenga."

"Ndikudziwa. Akakutengani ndibwerera kwa amayi, munda ulipo, ana sangafe ndi njala. Koma mukaotcha, bambo a Lusiya, ndidzakhala ndi mwamuna amene miyezi yonseyi sakudya, sakuseka, akamva njinga ya a Kachingwe akuthawira kuchimbudzi. Mukuyesa sindinaone? Mayi anataya mwana pa Namisu uja ndi msuweni wanga. Ine sindikuuzani chochita. Ndingoti machesiwo ndipatseni, ndikufuna ndikoleze moto."

Ndinawapatsa. Lolemba m'mamawa ndinakulunga buku m'nsalu yawo, ndinapsompsona ana ali m'tulo, zimene sindinkachita kawirikawiri, n'kuyamba ulendo wa ku Zalewa kukakwera basi. Amayi anu anandiikira bulangete m'chikwama. Tonse tinkadziwa kuti ndi lokafunda m'ndende ngati akanditenga.

Ku khoti

Pakhonde la khoti ndinakumana ndi loya wa a Kachingwe, mnyamata wochepa thupi wa magalasi. Ataona chimene ndanyamula anapumira m'mwamba. Anandiuza motsitsa mawu kuti, "Bambo, sindikuphunzitsani umboni. Ndingokuuzani kuti ine sindifunsa za chipani, ndiponso sindifunsa kuti envulopu anabweretsa ndani. Mlandu wathu ndi wa tsiku, osati wa munthu. Tikatchula munthu tonse sitigona kunyumba." Nditalowa ndinaona amuna awiri atakhala kumbuyo kwenikweni, osavala yunifolomu, aliyense ndi kabuku pabondo. A Likongwe anali kumanzere, jekete atamanga mabatani onse. A Kachingwe anali kutsogolo ndi mwana wawo, akumvera kudzera kwa womasulira.

Nditalumbira, loya uja anandipempha kuti ndiwerenge tsiku lotsekera tenda, kenaka ndiwerenge mzere wa m'buku. Ndinawerenga. Anandifunsa ngati dzanja lolembalo linali langa, ndinavomera. Anandifunsa kuti tsiku lotsegula bokosi envulopu zinali zingati. Ndinati zitatu. Anakhala pansi. Zonse sizinathe ndi mphindi khumi zomwe.

Wovuta anali loya wa boma. Anatenga maminitsi n'kuwagwedeza m'mwamba.

"Siginecha iyi ndi ya yani?"

"Yanga, bwana."

"Pano mwalemba zinayi, lero mukuti zitatu. Ndiye kuti ndinu munthu wabodza?"

Ndinayang'ana pansi, ndinaona nsapato zanga zili mbuu ndi fumbi la kwathu. Ndinati, "Pa pepala limenelo ndinanama, bwana. M'bukumo sindinaname, ndipo lero sindikunama."

"Khoti likhulupirire liti?"

"Likhulupirire buku, chifukwa ndinalemba ndisanayambe kuopa."

Woweruza, bambo wa imvi amene nthawi yonseyi ankangolemba, anakweza mutu n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anaitanitsa bukulo, anatsegula masamba a kumbuyo ndi a kutsogolo, akutsata manambala ndi chala. Kenaka anandifunsa amene anandiuza kuti nditayipenso. Apa mtima unandipweteka, chifukwa ndinakumbukira Petulo ali pa mpando wa galimoto ya a Likongwe akupuma movutika. Koma ndinali nditalumbira. Ndinati ndi bwana wanga, ndipo ndinaonjeza kuti sanadyepo kanthu, zimene ndimakhulupirira mpaka lero. Woweruza sanafunse zopitirira apo. Ndikuganiza kuti nayenso ankadziwa pamene madzi ayamba kuzama.

Nditatuluka ndinaima pamsewu kudikira kuti amuna awiri aja andigwire paphewa. Anatuluka, anandidutsa, anakwera galimoto yawo. Ndinafika kunyumba mawa lake madzulo, bulangete lili chipindire. Amayi anu anali akusenda mbatatesi pakhonde. Atandiona anaika mpeni pansi, anaphimba nkhope ndi chitenje, ndipo ndi tsiku lokhalo pa nkhani yonseyi limene ndinawaona akulira.

Chigamulo chinatuluka patapita miyezi. Khoti linati envulopu yofika tsiku lotsekera litadutsa si tenda, choncho ntchito imene anapatsidwa a Magombo ndi yosavomerezeka, ndipo ofesi iitanitsenso mitengo mwatsopano. Silinanene kuti ntchito ipite kwa a Kachingwe. Ine kalata yanga inabwera chigamulo chisanazizire: chenjezo lolembedwa chifukwa chosayina zabodza, limene ndinaliyenera, ndi kusamutsidwa kupita ku kampu ya okonza misewu kufupi ndi Matope, kukakhala wosunga zipangizo. Kunali kutsitsidwa, ngakhale kalatayo sinatero. A Likongwe anawatumiza kutali kuchigwa. Tsiku lonyamuka anabwera kudzanditsanzika, ndipo anati, "Mukanaotcha, a Chiwaya, bwenzi tonse tili pano." Ndinati n'zoona. Tinagwirana chanza. Sitinaonanenso.

Musaganize kuti ndinapulumuka chifukwa cha kulimba mtima. Anyamata a chipani anabwera kunyumba katatu mwezi umodzi kudzaona makhadi athu a chipani, mpaka kufunsa la khanda. Ndinadzamva patapita zaka kuti a tcheyamani aja nthawi imeneyo anali atayamba kale kusemphana ndi akuluakulu awo pa nkhani zina, moti panalibe wofuna kuwamenyera nkhondo. Zikanachitika chaka chimodzi m'mbuyo, mwina bwenzi mukulemba nkhaniyi ndinu.

Zaka za ku Matope

Amene ananditumiza ku Matope ankayesa akundilanga, ndipo miyezi yoyamba ndinkaonadi choncho. Kunkatentha, udzudzu unali wosaneneka, nyumba inali ya malata mpaka makoma. Ntchito yanga inali yotulutsa mapiki, mafosholo ndi mawilibala m'mawa n'kuzilandiranso madzulo. Kukwezedwa ndinakuiwala, anzanga amene ndinayamba nawo anandipitirira onse. Koma ndi kumene tinakhala bwino kuposa kwina kulikonse. Kapitawo wa kampu, a Jailosi, anali munthu wosadziwa kusunga chakukhosi, ndipo ankati aliyense wotumizidwa kumeneko ali ndi nkhani yake, choncho palibe ankafunsa mnzake. Nsomba za mu Shire zinali zosasowa. Amayi anu anayamba kuwamba milamba n'kumakagulitsa pa Zalewa, ndipo sukulu yanu nonse inachokera pamenepo. Ine ndinanenepa. Ndinayambanso kuimba kwaya.

Tsiku lina Loweruka masana, patapita pafupifupi chaka, ndinaona munthu akukankha njinga kulowa pa kampu. Anali a Kachingwe. Chichokereni ku khoti tinali tisanalankhulane, ndipo ndinachita manyazi. Ndinawapatsa mpando pansi pa mtengo wa bwemba, amayi anu anabweretsa madzi. Titapatsana moni ndinayamba kupepesa za tsiku lija anandifunsa pakhomo, koma anakweza dzanja.

"Zimenezo munalipira kale pamaso pa anthu. Ine ndabwera kudzakuuzani za mlatho. Watha. Dzulo ndawoloka ndi njinga."

"Mwamanga ndinu?"

"Ayi. Bokosi atatsegulanso munali envulopu zisanu. Wina wa ku Blantyre ananditsika. Simenti inali itakwera, iye ali ndi lole yakeyake, ine ndikanachita kubwereka. Ndinamva ndi makutu anga akuwerenga. Ndinamugwira dzanja." Anamwa madzi. "Wamanga bwino, ndayang'ana pansi pomwe. Miyala yanga ija anagula ndi iyeyo."

Kenaka ndinafunsa chimene chinkandivuta. Ndinati, "Bambo, ng'ombe zanu zinapita, anthu anakuthawani, mukanatha kumangidwa, ndipo ntchito simunaipeze. Munapindulanji?"

Anayamba apukuta pakamwa ndi chikhatho. Anati ali mnyamata anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri ku Halale, pa kampani ya mzungu wina womanga nyumba. Kumeneko khoma ukamanga mayadi khumi, kapitawo ankalemba asanu ndi atatu, ndipo ukafunsa ankakuuza kuti ngati sukufuna bwerera kwanu. "Ndinkangoti chabwino, ndi kwa eni. Zaka zonsezo ndinkadziuza kuti tsiku lina ndidzabwerera kwathu, kumene zitatu zidzakhale zitatu. Ndiye ndabwera kwathu, ndakalamba, wina andiuzenso kuti zitatu ndi zinayi? Akanandiuza kuti bwerera kwanu, ndikanapita kuti? Kwathu ndi kuno, a Kalaliki."

Tinakhala mpaka mthunzi unasuntha, tikukamba za mvula ndi za ana. Ponyamuka, atagwira kale njinga, anakanda kumutu n'kunena kuti amva zoti msewu wathu ukufunika makalavati odutsitsa madzi pansi pake, ndiye popeza khola lili mbee, mwina ine monga mnzawo ndingawalankhulire kwa akuluakulu.

Ndinawatengera pa chitseko cha nyumba ya zipangizo n'kuwaonetsa chidziwitso chimene chinakhomedwa pamenepo. Ndinati, "Kutseka ndi pa mapeto a mwezi, bambo, thwelofu koloko. Mukaponye m'bokosi ngati wina aliyense."

Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kutsokomola, moti amayi anu anatuluka kudzaona chimene chachitika. Anakwera njinga akusekabe. Anakaponyadi, ndipo makalavati anayi a pakati pa kampu ndi msewu waukulu anamanga ndi iwo.